Ndinaperekeza a Padiri ku Retiro Yomwe Kunalibe

Ulendo wautali koposa umene ndayendapo ndi wochokera kwathu ku Angonia kukafika ku Chimoio, ndipo sunali ulendo wanga. Ndinkaperekeza a Padiri Atanazio, ansembe okalamba amene anayang'anira nyumba yathu ya mapemphero zaka zambiri. Iwo ankaganiza kuti akukalalikira masiku asanu ndi atatu n'kubwerako. Ine ndinkadziwa kuti sadzabwereranso.

Nyumbayo ili pamtunda, ola limodzi kuyenda pansi kuchokera ku Ulongwe. Abale athu a ku Dedza amati nyumba ya m'bindikiro, ife timangoti retiro monga mwa Chipwitikizi. Anthu amabwera kudzakhala chete pamaso pa Mulungu masiku angapo: akatekisita akatha kukolola, mabanja, achinyamata okonzekera Ulimbitso, ndipo kamodzi pachaka amuna ndi akazi amasiye. Ine ndinalowa pachipata chake koyamba m'gulu la amasiyelo, patatha miyezi inayi mkazi wanga Rozalina atamwalira. Masiku atakwana anzanga anabwerera kwawo, ine ndinapempha khasu n'kutsalira kudimba. Mpaka lero ndimalima ndiwo, ndimaimba belu, ndimatsegula chipata.

A Padiri Atanazio anali ndi kachitidwe kawokawo. Tsiku loyamba ankazungulira ndi lichero, aliyense n'kuikamo telefoni yake, lichero n'kukatsekeredwa. Belu likalira katatu, kulankhula kwathera pomwepo, ngakhale pa chakudya. Wofuna mchere ankaloza ndi chala. Masana aliyense ankapatsidwa mzere wake kudimba, chifukwa iwo ankati munthu wa kuno sapemphera bwino manja ali pamiyendo.

Zaka ziwiri zapitazi mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Zinayamba ndi mfungulo, kenako mayina a anthu. Tsiku lina pa Misa anawerenga Uthenga Wabwino, nakhala pansi, naimiriranso kuwerenga womwewo. Akatekisita anaimirira kachiwiri osanena kanthu. Pambuyo pake akuluakulu a mpingo anatumiza ansembe achinyamata, a Padiri Elias, kuti atenge udindo.

A Padiri Elias anabwera ndi zawo. Lichero analibweza kukhitchini. Kukhala chete anakusiyira m'mawa mokha. Anayambitsa maphunziro a amayi, masiku a alimi, ndi retiro yaifupi ya aphunzitsi ya Loweruka ndi Lamulungu. Ena ankang'ung'udza kuti nyumba yasanduka sukulu. Ine ndinkangoona kuti zipinda zimene munali akangaude zayambanso kugonamo anthu. Ndinkawaonanso ansembe achinyamatawo akuwadulira nyama okalamba aja m'mbale, ndi kuwamangira zingwe za nsapato.

Kalata inafika mvula isanayambe. A Padiri Elias anaiwerenga patebulo m'Chipwitikizi, ine ndikuthira tiyi. Inkanena kuti a Padiri Atanazio achoke, akapume ku nyumba ya ansembe okalamba ku Chimoio, kumene kuli masisitere osamala odwala. Liwu loti kuchoka m'Chipwitikizi ndi retirar. Okalambawo anangogwira mutu wa liwulo.

"Retiro? Ku Chimoio? Andikumbukira!" anatero, nkhope ili ngwee. "Masiku angati?"

A Padiri Elias anayang'ana kalata, nandiyang'ana ine. "Sanalembe masiku."

"Ndiye ndi asanu ndi atatu. Gervazio, ukanditsitsire mabuku anga."

Madzulo ake a Padiri Elias anandipeza kudimba. "A Mbewe, ine sindingachoke, mabanja akulowa Lachisanu. Muwaperekeze ndinu, amakumverani. Koma chonde musawauze. Akadziwa sakwera galimoto. Mukangowafikitsa m'manja mwa masisitere, iwo amadziwa kanenedwe kake."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima sunavomere. Pamene Rozalina anali m'chipatala, abale onse ankandiuza kuti achira, ndipo ine ndinkangothamanga uku ndi uku kusaka mankhwala. Munthu mmodzi yekha anandiitanira pambali nati, "Gervazio, akazi ako sachira. Leka kuthamanga, kakhale pafupi nawo." Chifukwa cha mawu amenewo ndinakhala pambali pa mkazi wanga masabata atatu omaliza. Munthuyo anali a Padiri Atanazio. Tsono ine ndiwatenge ulendo wa masiku awiri ndi bodza m'kamwa? Ndinakwera galimoto funso limeneli lisanayankhidwe.

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa pa galimoto ya panyumbapo, oyendetsa ali a Juliyo. Ophika ndi amayi ochapa anaima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo. Palibe anayerekeza kufika pafupi, kuopa kuti misozi ingawaulule. A Padiri anatulutsa mutu pazenera. "Mapichesi aja musathyole osapsa, ndikubwera sabata yamawa!" Ku Ulongwe, pothira mafuta, anthu awiri atatu anawazindikira nabwera kudzapereka moni. Aliyense anauzidwa zomwezo: sabata yamawa.

Tikutsika, mphepo yozizira ya kwathu inatha pang'onopang'ono, minda ya mbatata n'kusanduka tchire louma. Tisanafike pa Musakama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zobwe, galimoto inayamba kununkha mphira wopsa, kenako inafuka nthunzi. A Juliyo anaimika pansi pa mtengo wa mango, natsegula kutsogolo, nasolola lamba wa injini ataduka ngati njoka yopondedwa.

"Yakalamba iyi," anatero akupukuta manja. "Nayonso ingoyenera kukasiyidwa ku Chim..." Anadziluma lilime, nandiyang'ana, nabwezeranso mutu mu injini.

A Padiri sanamve. Anali atakhala kale pamwala, kabuku kawo kolembamo kali pabondo. A Juliyo anakwera njinga yamoto ya munthu wodutsa kukasaka lamba wina pa Musakama, ife tinatsala. Mthunzi ukasuntha, ndinkawasunthira a Padiri pamwala wina. Ntchentche zinatipeza, madzi a m'botolo anafunda. Iwo ankalemba mzere umodzi, n'kuuwerenga mokweza, n'kundifunsa ngati anthu a ku Chimoio angaumve. Kenako anatseka kabuku.

"Rozalina ali bwanji masiku ano? Sindikumuona ku Misa."

Funso limeneli anayamba kundifunsa chaka chatha, iwo amene anamuika m'manda. Ndinali nditapeza kale yankho losanama. "Ali m'manja mwa Mulungu, a Padiri."

"Tonse tili momwemo. Umuuze asamasowe."

A Juliyo anabwera dzuwa litapendeka, ndipo lamba amene anapeza anali wamfupi. Anamukoka, anamutukwana pang'ono, napepesa kwa a Padiri, koma lamba sanatalike. Tinaimbira a Padiri Elias, iwo nati tipitirire pa chapa, minibasi zathu zija, chifukwa ku Tete ansembe ena ankatiyembekezera kuti tigone kwawo. A Juliyo anatsala ndi galimoto.

Chapa imene inaima inali yodzaza kale. Kobradoro, wotolera ndalama, anakweza chikwama cha a Padiri, nachibweza pansi msanga. "Mwaikamo miyala, madala? Ichi chilipira mpando wake ngati munthu."

"Ndi mabuku," anatero a Padiri.

"Ndiye alipire, ndi ophunzira amenewo."

Anthu anaseka, a Padiri nawonso anaseka, ine ndinalipira osatsutsa. Mayi wina wa ku Domwe, wopita ndi nyemba ku msika wa ku Tete, anasuntha kuti okalambawo akhale chapazenera.

"Agogowa ndi ansembe? Ife timayesa ansembe sakwera chapa," anatero mayiyo. "Mwalowera kuti, agogo?"

"Ku Chimoio, mwana wanga, kukalalikira retiro. Masiku asanu ndi atatu. Iwe umapemphera kuti?"

"Ine ndine wa mpingo wina, wovina uja."

"Bola uzivinira Mulungu," anatero a Padiri, ndipo posakhalitsa anayamba kuwodzera.

Pamiyendo panga ndinali nditanyamula kanthu kafulati kokulunga m'nsalu, kamene a Padiri Elias anandipatsira kuseri. Chinali chithunzi cha amayi awo a Padiri Atanazio, chimene chinkakhala pakhoma la chipinda chawo. Chapa itagwa m'dzenje nsalu inavundukuka, mayi uja anaona. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana okalamba ogonawo, nandinong'oneza.

"Achimwene, munthu wa masiku asanu ndi atatu sanyamula chithunzi cha amake."

Ndinachikulunganso msanga m'nsalu.

"Musachite manyazi. Ife bambo athu tinawanamiza chimodzimodzi powatengera ku chipatala. Tinati tikupita ku ukwati. Anavala jekete yawo yabwino, anapesa ndi ndevu zomwe."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Anafera komweko, akufunsabe kuti mkwatibwi ali kuti." Anaseka pang'ono, napukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Mpaka lero sindidziwa ngati tinachita bwino."

Ku Moatize, pakati pa fumbi lakuda la malasha ndi malole ondondozana, apolisi a pamsewu anatiimitsa nafuna zitupa. Aliyense anatulutsa chake, cha a Padiri chokha osaoneka. Ndinapisa m'matumba awo onse. Ndinatsitsa chikwama cholemera chija n'kuchitsegula m'mbali mwa msewu, mabuku ali mbwee. Okwera anzathu anayamba kudandaula kuti nyemba ndi tomato zikupsa. Pomaliza a Padiri anatsegula buku lawo la mapemphero kuti apemphere poyembekezera, chitupa n'kugwa. Ankachigwiritsa ntchito posunga tsamba la masalimo. Wapolisi wamkazi anachiyang'ana, nachibweza ndi manja awiri, napempha m'Chipwitikizi kuti azimukumbukira m'mapemphero.

Tinawoloka mlatho wa Zambezi dzuwa likulowa. Ku Tete kumatentha ngati munthu waima pakamwa pa ng'anjo, ndipo ife a kumapiri timavutika kawiri. Ansembe a kumeneko anatilandira bwino. Nawonso ankadziwa, ndipo nawonso sananene kanthu.

Basi yaikulu ya ku Chimoio, imene kuno timati machimbombo, anatiuza kuti imanyamuka kusanache. Tinafika kusanache. Inanyamuka dzuwa lili pamwamba pa nyumba, chifukwa ankakweza matumba a nsomba zouma padenga, kenako anawatsitsa, kenako anawakwezanso mwa mtundu wina. M'basimo anthu ankalankhula Chinyungwe, chimene ndimamva theka, ndi zilankhulo zina zimene sindimva n'komwe. Pa Changara tinaima nthawi yaitali. Ogulitsa anazungulira mazenera ndi nyama ya mbuzi yootcha ndi masau ouma. A Padiri anagula masau mbale yonse n'kugawira mipando yoyandikana nafe, iwo osadyako ngakhale limodzi, popeza mano alibe.

Titangodutsa Guro, tayala lakumbuyo linaphulika ngati mfuti. Basi inapepeluka, amayi anakuwa, koma woyendetsa anaigwira bwino mpaka inaima. Tonse tinatsika. Chitsulo chokwezera basi chinali chachifupi, ndiye amuna anabalalika kukasaka miyala yoikapo. Mthunzi unalipo wa kamtengo kamodzi kaminga, ndipo anthu anawasiyira a Padiri. Ndinawayalira jekete yanga, ine n'kuima pambali.

"Gervazio, tandiyang'ana."

Ndinatembenuka.

"Kuyambira ku Ulongwe ukulankhula ndi nsapato zanga. Wandibisira chiyani?"

Maso awo anali akale aja, oona mpaka m'kati. Matenda amenewa ali choncho, nthawi zina mtambo umang'ambika dzuwa n'kuwala. Ndikanatha kunena kuti ndatopa, kapena kuti kutentha kwandizunguza. Mawuwo analipo pafupi. Koma anali atandifunsa mwachindunji. Ndinagwada pafumbi kuti nkhope zathu zilingane.

"A Padiri, ku Chimoio kulibe retiro. Kalata ija inkanena kuti muchoke, mukapume ku nyumba ya ansembe okalamba. Simukubwereranso kwathu."

Kumbuyo kwathu amuna ankakuwirana za miyala.

"Elias akudziwa?"

"Akudziwa."

"Juliyo? Ophika?"

"Onse akudziwa."

"Ndiye mwanditulutsa ngati wakuba, osatsanzika."

Anagwira kamtengo kaja, minga n'kuwabaya, naimirira. Anayamba kuyenda m'mbali mwa msewu kubwerera kumene tinachokera. Ndinawatsatira. Malole ankatidutsa n'kutithira fumbi, iwo osacheuka, akungolankhula.

"Sindinagwade ku guwa m'kapela komaliza. Sindinagwire dzanja la munthu. Ndinawauza za mapichesi, iwo akundiyang'ana ngati chitsiru. Ngakhale mkamwini wopirikitsidwa pamudzi amapita kukatsanzika kwa apongozi. Ine ndalakwa chiyani choposa pamenepo?"

"Simunalakwe, a Padiri. Tinkaopa."

"Munkaopa nkhalamba?"

Miyendo inawathera pa kamlatho kena. Anakhala pasimenti yotentha nayamba kulira, osabisa nkhope, monga amalirira mwana. Ine ndawaona akuika maliro ambirimbiri, koma misozi yawo ndinali ndisanaionepo. Ndinavula chipewa changa n'kuwatchinjiriza dzuwa. Basi inaliza hutala kamodzi, kawiri. Amuna awiri a m'basimo, osadziwa chilankhulo chathu, anabwera nawagwira mikono okalambawo uku ndi uku, tinabwerera pang'onopang'ono. Palibe anadandaula kuti tachedwetsa ulendo. Mayi wina anawapatsa madzi, iwo anamwa, natsamira zenera, nagona.

Anadzuka tikulowa Katandika, mapiri obiriwira ali kudzanja lamanja. Anasuzumira panja, namwetulira.

"Kuno kukufanana ndi kwathu. Gervazio, tandipatsa kabuku kanga. Tsiku loyamba ndiyamba ndi mneneri Eliya atagona pansi pa kamtengo, mngelo akumuuza kuti adzuke adye. Anthu amabwera ku retiro atatopa, sitiyamba ndi machimo."

Ndinawapatsa kabukuko. Pachala pawo panali magazi ouma a minga ija, m'masaya muli mizere ya misozi pafumbi, koma iwo sankadziwa chimene analirira. Ola lonse lija la chisoni linali loona, ndipo linapita osasiya kanthu. Pamenepo ndinawamvetsa a Padiri Elias. Sindinganene kuti iwo analakwa, sindinganenenso kuti ine ndinalakwa. Chimene ndinadziwa n'chakuti sindingawalize kachiwiri popanda iwo kundifunsa, komanso sindingawauze bodza.

"Paja tikhala masiku angati?" anafunsa tikudutsa Vanduzi.

"Sanalembe masiku, a Padiri."

Tinafika ku Chimoio madzulo. Nyumbayo ndi yaing'ono, yaukhondo, ya khonde lalitali. Sisitere wamkulu anatilandira pachipata, nawagwira dzanja a Padiri ngati akudziwana kalekale. Ndinamuuza kumbali zonse za pa Guro. Anamvetsera, nati zoterezi amaziona kawirikawiri, ndipo chithunzi chija anakachipachika yekha pakhoma la chipinda chawo chatsopano.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde, atakhala pakati pa ansembe ena atatu okalamba, wina ali pa njinga ya olumala. Kabuku kanali pabondo, kosatsegula. Ataona kachikwama kanga paphewa anakwinya nkhope.

"Ukubwerera? Nanga udzanditenga liti?"

Sisitere anandiyang'ana. Ndinaika kachikwama pansi, ndinagwada.

"Sindidzabwera kudzakutengani, a Padiri. Ndidzabwera kudzakuonani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana okalamba anzawo aja mmodzimmodzi, kenako khonde lonse mpaka kumapeto kwake. Ndinkayembekezera kulira kwa dzulo, koma sikunabwere. Anaika dzanja pamutu panga, lopepuka ngati tsamba louma, nandidalitsa.

"Pita bwino, Gervazio. Ukanditsanzikire kwa onse. Usadumphe munthu."

"Tsalani bwino, a Padiri."

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri zonena. Ndinagonanso ku Tete, ndipo ndinafika kwathu Loweruka masana, mabanja ali m'kati mwa maphunziro awo. A Padiri Elias anatuluka atandiona pazenera, tinakumana pansi pa belu.

"Mwawafikitsa, a Mbewe?"

"Ndawafikitsa. Koma sindinasunge mawu anu. Ndinawauza pa Guro, atandifunsa okha."

Anavula magalasi. "Ndiye?"

"Analira kwambiri, chifukwa sitinawalole kutsanzika. Kenako anaiwala. Koma dzulo m'mawa andituma kuti ndiwatsanzikire kwa onse. Ndayambira kwa inu. A Padiri Atanazio akuti tsalani bwino."

Anakhala akupukuta magalasiwo ndi malaya nthawi yaitali, ngakhale sanali akuda.

"Anatero okha?"

"Okha."

"Mawa ikatha Misa mudzanene mawu amenewa pamaso pa anthu onse. Ndiitanitsa ndi a m'midzi yapafupi."

"Ine sindilankhula pagulu, a Padiri. Mukudziwa."

"Mwatumidwa, a Mbewe."

Lamulungu kapela inadzaza mpaka ena anaima panja. Ndinaimirira kutsogolo, ndipo ndinanena monga anandituma. Ndinayamba ndi ophika, amayi ochapa, a Juliyo, akatekisita, aliyense ndi dzina lake, kuti ndisadumphe munthu. Nditamaliza, ophika athu, mayi wachikulire amene tsiku lija anaima pakhomo la khitchini manja ali kumbuyo, anaimirira nayang'ana kuchipata.

"Pitani bwino, a Padiri," anatero mokweza, ndipo kapela yonse inabwereza.